Bodza la Njinga Ndinawapatsa Ndine

Ndimameta anthu pa Chalimbana, ndipo ndimadzitama kuti mutu wa munthu sungandinamize. Chipsera cha mwala ndimachidziwa, cha njinga ndimachidziwanso.

Loweruka lina kunabwera ba Tembo, aphunzitsi amene ndawameta zaka zambiri. Nditafikitsa mashini kuseri kwa khutu, ndinapeza bala latsopano, lopindika ngati mkombero wa poto. Mwezi wapitawo bala lotere linali mbali inayo. Tonse pamsika timadziwa kuti akazi awo amawamenya, koma nkhaniyo timangoiseka akachoka.

Anandiyang'ana pagalasi, n'kuyamba motsitsa mawu. "Ba Phiri, kunyumba kwanga kuja..."

Pabenchi panali amuna atatu odikira, makutu ali tcheru. Amene anachita mantha ndi ine, munthu wosamenyedwa.

"Ni njinga iyi, ka?" ndinawadula mawu. "Msewu wa ku Palabana ni woipa maningi."

"Ee, njinga," anayankha.

Ba Tembo alibe njinga. Amakwera minibasi.

Kenaka ndinaonetsa luso langa lonse. Ndinasiya tsitsi lotalikirapo pamalopo mpaka bala linabisika, n'kuwaonetsa ndi kagalasi kam'manja monyadira, ngati ndawachitira zabwino. Anandithokozanso, tangoganizani!

Bambo wamkulu analimba mtima kuti anene zomwe amuna sitinena, ine n'kumutseka pakamwa ndi njinga yoti kulibe.

Ndawauza kuti Loweruka lino abwere m'mamawa, benchi isanadzaze. Mashini sindiyatsa mpaka atamaliza mawu anawayamba aja.