Odzapala Moto Pakhomo Panga

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene watidzutsanso ndi moyo, ine ndi abambo akunyumba. Sikuti tinachita chabwino chilichonse, ndi chifundo chake basi.

Abale anga mwa Ambuye, ena mukudziwa kuti amuna anga, a Mbewe, anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo kuyambira pamenepo salankhula. Akafuna kanthu amagogoda kapu ndi supuni. Amayi a gulu lathu la mapemphero a Lachinayi amabwera kudzationa, koma sakhalitsa. Lamulungu lapitali kunabwera mtsogoleri wathu, Mayi Gondwe. Anapemphera chiimirire, chikwama chili m'khwapa, kenako n'kutsanzika. Ndinawafunsa moseka kuti, "Koma amayi, mwabwera kudzazonda matenda kapena kudzapala moto?" Tinaseka tonse, koma mtima wanga sunaseke nawo. Dzulo ndinagona nditatsimikiza kuti lero, Lachinayi, ndiwatumizira mawu akuti ine m'gulumo ndatuluka.

Usiku watha ndinalota ndili pakhomo pathu pomwe pano, koma nyumba inalibe denga, ndipo pakati pa balaza panali mafuwa. Moto unkayaka pamenepo popanda nkhuni. A Mbewe anali pakhonde akusema mpini wa khasu ndi manja onse awiri, ndipo ine sindinadabwe n'komwe.

Ndiye anthu anayamba kubwera. Aliyense akafika pakhomo, "Odi, tipale nawo moto." Wina anali ndi phale, wina chitini chadzimbiri, wina kamtolo ka udzu. Mkulu wina wa mpingo anangotchera chipewa chake, khala n'kugweramo osachiwotcha. Mzere unafika mpaka kumsewu. Ndinayala mphasa, ndinakoka mipando yonse, koma palibe amene anakhala. Ankangowerama, kupala, n'kutuluka chothamanga.

Kenako analowa Mayi Gondwe atavala bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Iwo analibe chotengera. Anapisa manja pamoto n'kufumbata khala.

Ndinati, "Amayi, ngakhale madzi akumwa okha?"

Iwo anati, "Tsiku lina, NaPhiri, tsiku lina," ali kale pakhomo.

Apo ndiye mtima unandiwawa. Ndinatenga beseni lija ndimasambitsira a Mbewe n'kuvundikira motowo. Pompo kunada bii, chonsecho dzuwa linali paliwombo. Mumdimamo ndinamva mawu amene ndakhala ndikuwasowa miyezi yonseyi.

"NaPhiri, mwatani kodi?"

"Anditopetsa. Amangotenga, wokhala nane palibe."

"Tawatsatirani," anatero a Mbewe, "mukaone kumene akupita nawo."

Ndiye ndinatuluka. Kutsogolo ndinkangoona kakufiira kakang'ono m'manja mwa Mayi Gondwe, ndipo ndinkalondola komweko. Njira ya kumjigo inasanduka khonde lalitali la chipatala, lonunkha mankhwala. Kenako tinali mumsika, anthu akugulitsa phulusa lozizira m'miulu ngati tomato, ena akunenerera ndithu. Kenako tinali pakhomo pa Mayi Gondwe.

Khoma la nyumba yawo linali lopyapyala ngati neti yogonamo, moti ndinkaona zonse ndili panja. Pansi panagona mwana wawo wamwamuna, Madalitso, uja anasokonekera mutu atamaliza sukulu, amene masiku ano samutulutsa. Anali atadzipinda, akunjenjemera. Amayi ake anagwada, anaika khala lija pansi, n'kuyamba kuuzira. Linali litatsala kadontho chabe. Ndinaona zikhatho zawo zili matuza okhaokha. Ndipo ndinadziwa mumtima, mmene munthu umadziwira zinthu kutulo, kuti akanakhala pamphasa yanga ngakhale pang'ono, kuno akanafika ndi phulusa.

Nditatembenuka, makoma a nyumba zonse za m'dera lathu anali atapyapyala chimodzimodzi. M'nyumba iliyonse munali wina wogona pansi ndi wina wogwada akuuzira khala. Kwa mkulu wa mpingo uja zinali choncho. Kwa mayi wina wa m'kwaya, amene amatchena mpaka timati alibe mavuto, zinali choncho: iye ankauzira akulira, misozi ikugwera pafupi ndi khalalo, iye n'kumaitchinga ndi dzanja. Ndinafunafuna nyumba imodzi yopanda wogona pansi, sindinaipeze.

Ndiye Mayi Gondwe anadzutsa mutu n'kundiona. Sanakwiye. Anangofunsa kuti, "NaPhiri, muli kuno? Nanga moto mwasiyira ndani? Tonsefe tikupala kwanu."

Apo m'pamene ndinakumbukira beseni. Ndinayamba kuthamanga, koma miyendo inkalemera ngati ndikuponda m'dambo. Ndinkafuula kuti, "Ambuye, usazime, usazime!" koma mawu sankatuluka. Ndinafika. Anthu anali adakali pamzere mumdima, chete, zotengera zawo zili m'manja. Beseni linali kulira lokha, ngo, ngo, ngo. Ndinaligwira m'mbali, linali lofunda pang'ono, ndinayamba kulitukula.

Basi ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, ndipo a Mbewe anali kugogoda kapu yawo, akufuna madzi.

Sindinaone ngati motowo unali udakalipo. Chimenechi ndicho chikundisowetsa mtendere. Ndawamwetsa madzi, ndawasambitsa m'beseni lomwelo, ndipo ndawafotokozera maloto onse. Anandiyang'ana n'kundifinya chala ndi dzanja lawo lamoyo lija.

Tsono ndithandizeni, abale, inu amene Ambuye anakupatsani kuzindikira. Motowo ndi chiyani? Ine ndimadziona ngati wopemphetsa. M'nyumba muno muli matenda, muli kutopa, nthawi zina ngakhale pemphero limandikanika. Anthu angapale chiyani pakhomo lotere? Nanga bwanji unkayaka popanda nkhuni? Kapena Mulungu amasonkhezera yekha pamene ife nkhuni zatithera? Ndipo beseni lofunda lija, likutanthauza kuti nthawi ilipobe?

Mawu aja oti ndatuluka m'gulu sindinatumize. Ndapempha mayi woyandikana nane kuti andikhalire ndi a Mbewe masana ano, ndikaone Madalitso. Mayiyo akuti ndisachedwe, ali ndi mwana wodwala chifuwa. Choncho ndikafika kwa Mayi Gondwe, ndikapemphera chiimirire, n'kutsanzika. Akandifunsa ngati ndabwera kudzapala moto, ndikavomera.

Ambuye amene saleka kuuzira khala lotsala pang'ono kuzima akusungeni nonse. Alimbitse mawondo a inu amene mwagwada pambali pa odwala anu, apoletse zikhatho zanu zamatuza, ndipo pakhomo panu pasazime moto. Amen.