Kukaonetsa Tadala ku Milnerton

Tinanyamuka ku Wallacedene m'mawa, mphepo ya mu Juni ikuluma makutu. Ndinali ndi mwana wanga Tadala, amene anali atangobwera kumene kuchokera kwa azakhali ake ku Ntcheu. Aphunzitsi ake ankati sayankha, sayang'ana munthu kumaso, mwina mutu sugwira, ndiye achoke mu giredi wani apite kusukulu ya ana ovutika kuphunzira. Anatitumiza kaye ku Milnerton kwa katswiri wa kayankhulidwe ka ana.

Tekisi ya ku Bellville inatidya marandi makumi awiri, titapanikizana ngati matumba a makala. Kondakitala, amene kuno amati gachi, ankaitana anthu m'Chikhosa, kukalipa m'Chiafrikaans, n'kupempha chenji m'Chingerezi, pakamwa pamodzi pomwepo. Pa Bellville ndinamugulira Tadala gwinya, mandasi a kuno aakulu ngati chibakera.

"Wamanyazi bwanji mwanayu!" anatero mayi wogulitsa. Tadala anangoti maso pa nsapato.

Tekisi yachiwiri inadutsa m'mafakitale a ku Montague Gardens, kumene bambo ake amalondera, ndipo tinafika dzuwa litakwera.

Katswiri uja anali mayi wachikhosa, magalasi pamphumi. Pampando wake sanakhalepo. Anavula nsapato, nakhala pansi pambali pa Tadala osamuyang'ana, n'kutulutsa zithunzi.

"Muuzeni kuti ine Chichewa sindichidziwa, andiphunzitse," anandiuza m'Chingerezi. Analoza chithunzi choyamba. "Ife timati imvula."

"Mvula," Tadala ananong'ona.

"Indlovu."

"Njovu."

Pa ng'ombe mayiyo anapotoza lilime mwadala. Tadala anaphulika kuseka. "Ayi, si choncho!" Basi pakamwa panatseguka. Anafotokoza za mbuzi ya azakhali imene inadya sopo, ine ndikumasulira mpaka kukhosi kuuma.

"Kwanu mwana akamayankhula ndi wamkulu amayang'ana kuti?" mayiyo anandifunsa.

"Pansi. Kumuyang'ana m'maso ndi mwano."

"Kwathu kumudzi n'chimodzimodzi. Mwanayu alibe vuto. Mawu ali nawo odzaza, kungoti ali m'Chichewa. Musasiye kucheza naye m'chinenero chanu, Chingerezi chidzamera pamenepo. Aphunzitsi ndiyankhula nawo ndekha, sachoka m'kalasi mwake."

Ndinalira, sindibisa. Sindinkadziwa kuti kuli anthu ophunzira mpaka kudziwa kuti chete wa mwana nayenso ali ndi kwawo. Mayi ameneyo ndinamugomera.

Pobwerera mvula inayamba. Tadala ankaloza pawindo n'kumati "imvula, imvula," mpaka agogo ena achikhosa anamupatsa switi. Titafika ku Wallacedene, gachi anamunyamula kuti asaponde m'matope. Mwana wanga anapinda mawondo pang'ono, maso ali pansi monga anamulerera azakhali ake, n'kuthokoza m'Chikhosa mokweza, tekisi yonse ikumva:

"Enkosi, bhuti."