Tsiku limene ndinakana mtengo wa papa

Ndikukumbukira tchalitchi chathu cha kumishoni, fungo la lubani losakanikirana ndi la mileme ya kudenga, chaka chimene ndinkakonzekera ukaristia woyamba. A katekisiti athu, a Phiri, anatikonzera sewero la papa wina wamakedzana. Ankati munthuyu anaona ana atsitsi loyera akugulitsidwa pamsika wa akapolo ku Roma, chifundo n'kumugwira. Atakhala papa analamula kuti ana otere aziwomboledwa, ndipo anatumiza amishonale kuchilumba chakwawo.

Upapa unagwera Fabiano, mnzanga wachibwibwi: chipewa cha katoni kumutu, nsalu ya patebulo paphewa. Ine anandisankha kukhala wogulitsa akapolo, poti ndinakulira pabenchi ya tomato ya amayi. Mawu anga anali awiri okha: "Atengeni, bwana." A Phiri anachenjezeratu kuti wowononga sewero salandira ukaristia chaka chimenecho.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza. Akapolo anga, tiana titatu topakidwa ufa kumutu, anaima pachingwe. Fabiano ananditambasulira zitsekerero za mabotolo, ndalama zathu za m'sewero. Nditaziona kuchepa kwake, magazi akumsika anawira.

"Wonjezerani, bwana. Uyu yekha amalima ndime ziwiri."

Anthu anafa nacho chiseko. A Phiri ankandituzulira maso kuseri kwa guwa, ine osalabadira. Fabiano analibe mawu ena oloweza. Anavula chipewa, anavula nsalu, anavulanso nsapato zobwereka, n'kuunjika zonse pamapazi panga.

"Te-tenga zonsezi. Ngati sizikwana, te-tenga ine."

Chingwe ndinachimasula pomwepo. A Phiri anauza Fabiano kuti papa mwiniwake akanachita chimodzimodzi. Koma ine chenjezo lawo lija linandigwera. Ukaristia ndinalandira chaka chotsatira, nditatalika ngati mlongoti pakati pa tiana.

Lero ndili ku Glasgow, pachilumba chomwe chija cha ana atsitsi loyera. Misa ndimapita ku Partick, dera lina la mzindawu. Mabenchi ambiri amakhala opanda anthu, ndipo wansembe wathu ndi wochokera ku Africa: ulendo umene papa uja anauyamba unatembenuka. M'masitolo akuno mulibe zonenerera, makina amangolira n'kukuuza mtengo, ndipo mwana wanga amandikoka jekete ndikayamba zanga. Komabe ndanenererapo magalimoto akale, mafiriji, ngakhale suti yaukwati wanga, ndipo ndagonjetsa akatswiri. Wondigonjetsa ine alipo mmodzi yekha, ndipo iyeyo sanachotsetse mtengo. Anawonjezera.