Jekete ya mu Okutobala

Ndivomere. Azakhali anga ali pa mankhwala a khate, anatuluka zotupa zowawa thupi lonse, dzanja n'kuyamba kufooka. Ine, wophunzira wa pabanja, amene koleji ndinaisiya isanandisiye, ndinawakweza panjinga nditavala jekete mu Okutobala, kuti angandikhudze khungu.

Kuchipatala, adokotala anawagwira opanda magolovesi, akupapasa mtsempha wa pachigongono mofatsa.

"Matenda sanabwerere, mayi. Thupi likulimbana ndi tizilombo takufa kale. Musasiye mankhwala, tiwonjezera ochotsa kutupa kuti dzanjali lipulumuke. Nanga achimwene, jeketeyo?"

"Ndikumva kuzizira," ndinayankha, thukuta lili kamukamu.

"Muyezeni mwanayu, adokotala," anatero azakhali, osaseka n'komwe. "Kuchokera ku Golomoti sindinamugwire, kuopa angandipatsire."