Chenjezo la phokoso talandira ndife

Monire nonse. Zachitika lero kuno ku Mhuju zandikwana chomene.

Paja ndinakadandaula ku khonsolo za sipika ya a Gondwe, a shopu yoyandikana nafe, imene ikuwalepheretsa Adada kupuma chitulukireni m'chipatala. Miyezi iwiri ndakhala ndikuyendera nkhaniyi. Lero m'mawa kwabwera bambo wina wa ku khonsoloko ndi kachipangizo koyezera phokoso.

Pamene amafika, kushopu kuli zii! Kufunsa, Amama akuti anapita dzulo kukawatsina khutu a Gondwe. Akuti, "Munthu timapemphera naye tchalitchi chimodzi, sitingamutchere msampha."

Si zokhazo. Amama anaitananso azimayi anzawo a kwaya kuti mlendo wa boma alandiridwe bwino. Atangokweza nyimbo pakhonde, nthungululu pamwamba, kanyali kofiira ka pakachipangizo kaja kanayaka. Bamboyo anawathokoza kuti yewo, n'kulemba kuti phokoso lopitirira muyeso likuchokera kwathu. Kalata yochenjeza atisiyira ife!

Galimoto yawo itangokhota, sipika yayambiranso. Panopa Adada avala chipewa chaubweya dzuwa lonseli kuti atseke makutu.

Achimwene, achemwali, ndiuzeni. Ndikabwerera ku khonsolo ndikadandaule za ndani, a Gondwe kapena Amama?