Duwa la Chinaka Kuseri kwa Kabati

Apolisi atawatenga aphunzitsi anzanga ku Mzimba, akazi awo anandisiyira duwa la chinaka lodzalidwa m'chitini. "Ndapota, asisi, mulisunge mpaka bambo abwere."

Aliyense ankalidziwa duwalo, poti linkakhala pakhonde pawo. Ine ndinalibisa kuseri kwa kabati. Mumdimamo masamba anachita chikasu, kenako anayamba kufota. Ndinkadziwa kuti likungofuna kuwala, koma pawindo pankasuzumira anyamata ofunsa makadi a chipani. Galimoto ikaima panja ndinkabisa chikho msangamsanga, madzi othirira n'kutayikira pansi.

Tsamba lomaliza litagwa, mayi aja anandipeza pamsika n'kundinong'oneza: "Duwa lija likadali moyo?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. "Duwa lanji, mayi?" ndinayankha mokweza, kuti ogulitsa tomato amve.