Anakukanizani kulira, achemwali

Achemwali anga a Nabanda, lero ndakukumbukani ndipo mtima wanga ukuwira. Mwana wa neba wanga kuno ku Nathenje wabwera kuchokera kunja, komwe amadwazika mlongo wake amene anamuika mafuta a m'mafupa atsopano chifukwa cha khansa ya m'magazi. Akuti kumeneko wodwazika matenda naye ali ndi mlangizi wake, amene amamukhazika pansi n'kumufunsa kuti, "Nanga inuyo, mumtima muli bwanji?" Inu anakufunsanipo ndani?

Ndakumbuka ku Mitundu, nthawi ya chipani chimodzi ija, amuna anu atawabweza kuchipatala, magazi akungowathera m'thupi. Munkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, uku fodya akukudikirani. Obwera kudzazonda ankangoti, "Odwala agona bwanji?" basi, ngati inu ndinu chitsulo. Tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa munangoyamba kulira. Munati, "Iwe Esitere, ine ndatopa." Ndisanakuyankheni, apongozi anu anatulukira. "Malodza! Mukulira maliro mwana wanga ali moyo? Mukufuna afe?" Munagwada pansi, munthu wamkulu, n'kupepesa. Kupepesa chifukwa chotopa! Kuyambira tsiku limenelo simunadandaulenso, munangoyamba kuwonda. Alamu atatisiya, inu simunaone dzinja lina.

Chomwe chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti pa maliro anu, apongozi omwewo ndi amene ankagubuduka pansi, kulira mpaka kusasa mawu. Iwo palibe anawaletsa.